Mayi, mlatho wachitsulowo musalole kuti uthere pa sikelo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose mumzinda wa Harare, mwana wa matchona ngati ine ndemwe. Akuti kufamu komwe anakulira, kunja kwa Harare, amanga mlatho watsopano wa konkire, ndipo wachitsulo wakale wangotsala pambali. Anyamata ayamba kale kuzula zotchingira za m'mbali usiku kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Funso lawo nali: kodi mlathowu ungasamutsidwe n'kukaikidwa pa kamtsinje kena, pomwe ana asukulu amawoloka madzi ali m'chiuno nthawi ya dzinja?

Mayi, zimatheka, ndipo zinachitikapo kale kufupi nafe. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ku London anamanga milatho yongoyembekezera pa mtsinje wa Thames, poopa kuti mabomba aphwanya yeniyeniyo. Nkhondo itatha, bungwe la Beit Trust linagula umodzi, anaumasula, n'kuubweretsa kuno ku Africa. M'chaka cha 1949 unaima pa mtsinje wa Kafue, pamsewu wopita ku Lusaka. Wa pa Victoria Falls uja nawo zitsulo zake anazisula ku Darlington ku England, zinatsikira padoko la Beira, zinakwera sitima ya pamtunda, n'kuzilumikiza pamwamba pa phompho mu 1905. Mlatho wachitsulo umabwera uli zidutswazidutswa, choncho ungathenso kuchoka uli zidutswa.

Koma si uliwonse. Wa Birchenough pa mtsinje wa Save, womwe unatsegulidwa mu 1935, uta wake ndi wa mamita 329 ndipo unamangidwira malo omwewo. Wotero umasamalidwa pomwe uli. Osamutsika ndi aang'ono ngati wanuwo, a zitsulo zopingasa m'mbali.

Musanaganize za kireni kapena lole, tsikani pansi pake. Pamwamba pamanamiza. Dzimbiri limabisala kumapeto, pomwe mlatho wakhalira pa zipilala, chifukwa ndi pamene dothi, masamba ndi madzi zimaunjikana zaka ndi zaka. Likalowa pakati pa zitsulo ziwiri zophatikizana limafufuma n'kuzikankha, mpaka mumaona chitsulo chatupa ngati mtanda wa mandasi. Ndagwira ntchito yowotcherera zitsulo nthawi yaitali, ndipo chomwe bambo anga anandiphunzitsa ndikadali mnyamata sindinachiiwale. Ankagwira kanyundo, n'kundiuza kuti ndiike chala kuseri, pamutu wa rivet, msomali waukulu wolumikizira zitsulo za mlatho. Iwo akamenya mbali inayo, rivet yolimba inkalira mokoma ndipo chala sichinkamva kanthu. Yofooka inkanjenjemera pansi pa chala. Ankaijambula ndi choko osayankhula, n'kupita pa ina, tsiku lonse. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa khosi, koma ndiyo imakuuzani ngati muli ndi mlatho kapena mulu wa dzimbiri. Kulemera komwe ungasenze, ameneyo ndi mlandu wa injiniya wovomerezeka, ndipo apa musaumire ndalama. Pamwamba pake padzayenda ana a anthu.

Ngati ndi waufupi, njira yabwino ndi kuunyamula wathunthu pa lole yaitali. Ngati uyenera kumasulidwa, chidutswa chilichonse chilembedwe nambala mbali zonse, mujambule zithunzi ndi foni musanachotse ngakhale rivet imodzi. Mabowo a zitsulo zakale amagwirizana ndi anzake okhaokha, mukasokoneza mudzalira pomanga. Pomwe mwachotsa ma rivet mudzaikapo mabawuti olimba. Ndipo chonde musalole munthu kungofika ndi moto n'kumadula kapena kuwotcherera paliponse. Chitsulo china chakale sichigwirizana ndi kuwotcherera, chimang'aluka pambali pa msoko. Penti wofiira wa pansi uja kawirikawiri amakhala ndi mtovu, ndiye opala avale zotseka mphuno ndipo zopalazo zisagwere mumtsinje momwe anthu amatunga madzi.

Ndalama zambiri zidzathera pa zipilala zatsopano. Zikhale pa nthaka yolimba, pamwamba kuposa pomwe madzi anafika chaka chomwe anasefukira kwambiri. Funsani agogo a m'deralo, adzakulozerani mtengo womwe madzi anaufika. Mbali imodzi ya mlatho isiyidwe yotha kusuntha pang'ono, chifukwa chitsulo chimatalika dzuwa la Okutobala likaswa mtengo.

Chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa ndi chakuti milatho yambiri ya m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino inanyamulidwa pamapewa a anthu ngati agogo athu, omwe anachoka ku Nyasaland kudzera ku Tete kudzafuna ntchito. Mayina awo sanalembedwe pa chikwangwani chilichonse. Chatsala ndi zitsulozo.

Ndiye mawa lomwe, yambani ndi kufufuza mwini wake wa mlathowo, kaya ndi khonsolo, unduna wa zamisewu kapena mwini famu, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa. Lemberaninso a National Museums and Monuments of Zimbabwe, bungwe losamalira zinthu zakale, muwauze zaka za mlathowo ngati pali chitsulo cholembedwa dzina la fakitale ndi chaka. Pakali pano kambiranani ndi makolo a anawo kuti pakhale wolondera usiku, zotchingira zotsalazo zisanathe. Mukatsika pansi pake, nditumizireni zithunzi za kumapeto konse kuwiri, ndizione.