Gaol: wotayipa sanalakwitse

Funso: M'buku lina lakale la malamulo a ku Britain ndapezamo mawu akuti "gaol". Ndinaganiza kuti wotayipa anasemphanitsa zilembo polemba "goal", koma nkhani yake inali ya akaidi, osati ya mpira. Amatchulidwa bwanji, nanga m'Chichewa tiziti chiyani?

Yankho: Wotayipa sanalakwitse. Gaol ndi ndende, ndipo amatchulidwa chimodzimodzi ndi jail, kunena kuti "jeyil". Chilembo g apa chimamveka ngati j wa mu "jekete", choncho wowerenga kuti "golo" wasokera. Woyang'anira akaidi naye amalembedwa gaoler koma amatchulidwa "jeyila".

Chisokonezochi chinabwera ndi Anomani amene anagonjetsa England mu 1066. M'Chifalansa chawo cha kumpoto ankati gaiole, ndi g weniweni wa mu "galu", pomwe a ku Paris ankati jaiole. Gwero la onse awiri ndi caveola wa m'Chilatini, kutanthauza kakhola, wochokera ku cavea, mawu amenenso anabala cage (khola) wa m'Chingelezi. Angelezi anatola onse awiri. Pakamwa panakhazikika wa j, koma alembi a m'makhoti ndi a boma anakakamira kulemba wa g kwa zaka mazanamazana, n'chifukwa chake kalembedwe ndi katchulidwe zinasiyana njira. Ku America amangolemba jail, ndipo masiku ano nyuzipepala zambiri za ku Britain zimachitanso chomwecho. Pamayeso kapena m'kalata lembani jail. Gaol ngwongogwiritsa ntchito pokopera chikalata chakale kapena dzina la ndende yakale.

M'Chichewa mawu athu ndi ndende. Alipo obwereka akuti "jele", omveka kwambiri ku Zambia, omwe tinawaonjezera e kumapeto chifukwa mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu. Koma polemba amavuta. Malamulo a kalembedwe ku Malawi amati l akabwera pambuyo pa e kapena i tilembe r, monga mu "mpira" ndi "kulemera". Tikatsata lamuloli tipeza "jere", ndiye kumayambiriro kwa chiganizo, pomwe pamafunika chilembo chachikulu, afanana ndi Jere, mfunda wa Angoni a kwa M'mbelwa. Palibe mlembi angafune mlandu wotere.

Musasokonezenso ndende ndi chitokosi. M'chitokosi apolisi amasungamo woganiziridwa asanakaonekere kukhoti, pomwe kundende, monga ku Maula kapena ku Chichiri, kumapita amene khoti lawatumiza.