Ndigule njinga iti ya m'mapiri ndalama zili zochepa?

FUNSO: Zikomo achimwene. Njinga wamba ndapalasa kuyambira kale, koma tsopano ndikufuna kulowa m'tinjira ta m'tchire ndi m'mapiri, maulendo ataliatali okwera ndi kutsika aja amati cross-country. Ndalama ndasunga koma si zambiri. Ndaona njinga ziwiri za mtengo wofanana. Ina ili ndi shock kutsogolo ndi kumbuyo komwe, magiya 21, ndipo m'maso ndi yokongola zedi. Inayo shock ili kutsogolo kokha, magiya 10 basi. Mtima wanga uli pa yoyambayo. Kodi ndikulakwitsa?
Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Tengani yachiwiriyo, achimwene, bola ikhale ya msinkhu wanu. Ndikunena mosazengereza chifukwa zimandiwawa kuona munthu atataya thukuta lake pa njinga yokongola m'maso, kenako n'kuyitsamiritsa kukhoma nyengo isanathe.

Taganizani: njinga ziwirizo mtengo ndi umodzi, koma wopanga yoyambayo anafunika kugula shock yachiwiri, mabauti ndi mfundo zolumikizira felemu yakumbuyo. Ndalama imeneyo anaitenga kuti? Anaidula pa mabuleki, pa magiya, pa mikombero. Shock yotchipa yakumbuyo kawirikawiri imakhala sipuling'i chabe, yopanda mafuta oitontholetsa. Mukaponda pedulo pachikweza njinga imayamba yanyonyomala kenako n'kudzuka, ndipo mphamvu imene munafuna ipite ku tayala imathera m'kudumphadumpha kumeneko. Onjezanipo kulemera. Zotchipa za shock ziwiri zambiri zimapitirira makilogalamu 16, pamene ya shock imodzi, imene amaitcha hardtail, ya felemu ya aluminiyamu imakhala cha m'ma 13 kapena 14. Pa cross-country nthawi yochuluka munthu amathera pokwera zitunda, ndiye kilogalamu iliyonse mudzaimva m'ntchafu. Njinga za shock ziwiri zabwino zilipo, akatswiri amapikisana nazo, koma mtengo wake ndi wina.

Za magiya, nambala yaikuluyo isakukopeni. Magiya 21 ndi mbale za mano zokolekapo tcheni, zitatu kutsogolo ndi zisanu ndi ziwiri kumbuyo, ndipo angapo mwa iwo amangobwerezana. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri chili mkati mwa habu, pakati penipeni pa tayala lakumbuyo. Njinga zotere nthawi zambiri zimakhala ndi freewheel, mulu wa mbale zakumbuyo womangidwa pa habu ndi mazinga, imene imasiya mbali yaitali ya ekiselo yakumbuyo ili yopanda chochirikiza. Pamsewu wosalala palibe vuto, koma mukamagunda mizu ndi miyala tsiku ndi tsiku ekiseloyo imapindika, mwinanso kuthyoka. Ya magiya 10 ija mosakayika ili ndi cassette, mulu wa mbale wongolowetsa pa habu, ndipo habuyo mabering'i ake ali kumapeto kwa ekiselo. Werengani mano a mbale yaikulu yakumbuyo: akakhala 42 kapena 46, yakutsogolo 30 kapena 32, zitunda zambiri mudzakwera muli pachishalo. Werenganinso dzina lolembedwa pa chosinthira magiya. Kwa Shimano, kampani yopanga zida za njinga, makwerero a ubwino amayambira pa Tourney, kubwera Altus, Acera, Alivio, kenako Deore, SLX, XT mpaka XTR. Ine wandalama zochepa ndimamuuza kuti akafika pa Deore aime pomwepo. Kuchoka apo kupita m'mwamba mumalipira kwambiri kupepuka, kulimba kwake sikusiyana kwenikweni.

Foloko, imene imagwira tayala lakutsogolo ndipo ndi mmene muli shock yakutsogolo, ndiyo ndimaiyang'anitsitsa, poti kuisintha pambuyo pake kumadya ndalama zambiri. Pa ulendo wamtundu umenewu ikwanira yolowa mamilimita 100 mpaka 120. Zilipo za sipuling'i yachitsulo, monga SR Suntour XCT ndi XCM, ndipo zilipo za mpweya, monga RockShox Recon kapena Judy yolembedwa kuti Solo Air. Ya mpweya ndi yopepuka, komanso mumaipopa molingana ndi thupi lanu, kuti mukakhala pachishalo ilowe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ya sipuling'i inapangidwira munthu wa thupi lapakatikati, moti wowonda amaimva ngati chitsulo chouma. Ngati ndalama sizikufika pa ya mpweya, ya sipuling'i ikuyendetsani ndithu, musataye mtima.

Mabuleki okha musanyengerere: akhale a disiki oyendera mafuta. Ngakhale otchipa a Shimano MT200 amagwira bwino m'matope ndi pamtsetse wautali, dzanja osatopa.

Ndanena za msinkhu poyamba paja, ndipo ndibwereze chifukwa ogulitsa ena amakankhira munthu njinga imene yatsala m'sitolo n'kumati muizolowera. Felemu yokukulirani simungaizolowere, msana ndi mapewa zidzakuuzani. Imirirani njinga ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi, ndipo pakhale mpata pakati pa inu ndi chitsulo cha felemu chimene chili pamwamba. Mukakwera, chidendene chikakhala pa pedulo ili pansi mwendo uwongoke, ndipo pogwira mahandulo zigongono zikhale zopindika pang'ono. Akakukanizani kuiyesa, tulukani.

Njira ina imene ndimaikonda ndi kugula yogwirapo kale ntchito, chifukwa ndalama yomweyo ingakupezereni foloko ya mpweya ndi magiya a Deore. Koma mupite masana, ndi kansalu m'thumba. Pukutani pamene zitsulo za felemu zinawotcheredwa, makamaka kukhosi pansi pa mahandulo ndi pozungulira ekiselo ya mapedulo, muone ngati pali kamng'alu kooneka ngati tsitsi. Mukakapeza, nkhani yathera pomwepo. Yendetsani chikhadabo pa mipope yonyezimira ya foloko. Chikakodwa pa chilonda, foloko imeneyo idzayamba kutaya mafuta. Gwirani buleki yakutsogolo n'kugwedeza njinga kutsogolo ndi kumbuyo, mukamva kugogoda ndiye kuti pena pakhwefuka. Kokani tcheni pa mbale yakutsogolo: likanyamuka mpaka dzino kuonekera, latha, ndipo mwina ladya kale mano a cassette. Ndipo wogulitsayo akuonetseni umboni woti njingayo ndi yake.

Pa ndalama mwasungazo, patulani kaye ya chipewa choteteza mutu, pampu, chubu chapadera ndi timasipanala toyenda nato. Yotsalayo ndiyo ya njinga.

FUNSO: Ndine mayi wamfupi msinkhu. Anzanga akuti ndigule ya matayala a mainchesi 29 chifukwa ndi imene aliyense akukwera masiku ano. Nditero?

YANKHO: Anzanuwo sakunama, amayi, tayala la 29 limadutsa pa miyala ndi m'maenje mosavuta ndipo likagwira liwiro silifulumira kulitaya, n'chifukwa chake lafala pa cross-country. Koma pa felemu yaing'ono kutsogolo kumatha kukwera kwambiri, njinga n'kumakuvutani kuikhotetsa m'tinjira topanikiza. Opanga ambiri amaika matayala a 27.5 pa mafelemu ang'onoang'ono pa chifukwa chomwechi. Yesani zonse ziwiri, mutenge imene mukutha kuima nayo mwadzidzidzi n'kuponda pansi popanda mantha. Ya 26 yakale muitenge pokhapokha ili yabwino kwambiri, poti mafoloko abwino a saizi imeneyo akusowa tsopano.