Kwa achimwene ofunsa za Visual Studio pa laputopu ya 4GB

Achimwene a ku Katete, mwati muli ndi laputopu ya RAM 4GB, mwaona m'mavidiyo anthu akungokoka mabatani ndi mausi n'kumawaika patsamba, ndiye mukufuna kupangira gulu lanu la alimi a nshawa kaundula wa pa intaneti. Mukufunsa poyambira.

Mavidiyo amenewo muwasamale, ambiri ndi akale. Zokoka ndi kuponyazo ndi Web Forms, zomwe Microsoft inatulutsa mu 2002 pamodzi ndi ASP.NET (zida zake zopangira mawebusaiti), ndipo zinafala kwambiri itabwera Visual Web Developer Express yaulere mu 2005. Zinkakoma ndithu: mutenga batani mu Toolbox, muliika patsamba, mulidina kawiri, kenako mulemba malamulo pang'ono m'chilankhulo cha kompyuta cha C#, basi chinthu chayenda. Koma potulutsa mtundu watsopano, ASP.NET Core, mu 2016, Web Forms anaisiya m'mbuyo. Ikugwirabe ntchito pa .NET Framework 4.8, ndipo maofesi ena akadali nayo, koma munthu woyamba lero sindingamutumize kumeneko.

Palinso china chotikhudza ife kuno. Web Forms imabisa m'tsamba kanthu kotchedwa ViewState, kosunga mmene tsambalo lilili, ndipo kamapita ku seva n'kubwerako nthawi iliyonse munthu akatumiza fomu. Tsamba likachuluka zinthu, katunduyo amalemera. Mlembi wa gulu ali ku Chadiza ndi kafoni ka itel, netiweki ikubwera ikupita, ndiye amalipira kulemerako ndi bandulo yake.

Ndiye pali mapulogalamu awiri a Microsoft olembera code amene mayina ake amasokoneza anthu. Visual Studio ndi chimphona. Mtundu wa Community ndi waulere kuyambira 2014, koma wa 2022 umafuna RAM 4GB pongoyambira, ndipo pa disiki umatha kudya ma GB 20 kapena kuposa. Pa makina anuwo, mukatsegulanso Chrome, mudzangokhala kuyang'ana kachizungulire. Visual Studio Code, ya 2015, ndi ina: yopepuka, yaulere, koma mulibe zokokakoka.

Ine ndikuti yambani ndi yachiwiriyo. Pangani fayilo index.html (HTML ndi chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti), mulembe ndi manja anu fomu ya dzina la mlimi, mudzi ndi makilo amene wabweretsa. CSS ikongoletse, JavaScript iwonkhetse makilowo ndi kuchulukitsa ndi mtengo. Mukadina F12 mu Chrome mudzaona pamene palakwika. Zimenezi sizifuna intaneti n'komwe. Ndipo musaganize kuti n'kutaya nthawi, poti chida chilichonse chokokera mabatani chimalemba HTML yomweyo kuseri. Tsiku limene batani lidzakana kukhala pamene mukufuna, wosadziwa HTML amangogwira njakata.

Mukadzawonjezera RAM kufika 8GB, makamakanso mukaika SSD (disiki yothamanga kwambiri), ikani Visual Studio Community. Potsitsa chongani "ASP.NET and web development" yokha, zinazo zisiyeni, ndipo pezani malo a Wi-Fi mukabwera ku Chipata, osati kutsitsa ndi bandulo ya pafoni. Poyamba pulojekiti sankhani Razor Pages, njira ya ASP.NET Core yopangira masamba, dinani F5, tsamba lidzatseguka pa localhost. Adiresi imeneyo ndi ya mukompyuta mwanu mokha. Mukaitumiza kwa apampando pa WhatsApp siidzatseguka mpaka mutapeza hosting, malo pa seva oikapo tsamba kuti lioneke pa intaneti.

Posunga mayina ndi makilo, database yaing'ono yotchedwa SQLite ikukwanirani, chifukwa zonse zimakhala m'fayilo imodzi. Ntchito yanu muziikweza pa GitHub, malo osungira code pa intaneti, tsiku lililonse, magetsi athuwa mukuwadziwa. Zolipira ndi mobile money za MTN kapena Airtel muziike pambali kaye, zimafuna kulembetsa komanso kusamala kwambiri za chitetezo.

Fomu yoyambayo ikatheka, ijambuleni muiike muno pamodzi ndi code yake, tidzakuthandizani poilumikiza ku database.