Tomato akufota pakhonde ngakhale mukuthirira kawiri pa tsiku: vuto lili pansi pa ndowa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene akukhala m'nyumba ya lendi ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Bwalo lonse la nyumbayo ndi la simenti, choncho anadzala tomato, mpiru ndi tsabola m'ndowa zakale ndi m'zigubu zodula za malita 20, n'kuzindandalika pakhonde. Dothi anakakumba kuseri kwa mpanda. Funso lawo linali lakuti: "Ndimathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya, koma masamba a m'munsi achita chikasu, tomato amafota masana, ndipo dothi lauma gwa pamwamba ngati njerwa. Kodi ndiwonjezere madzi, kapena ndithire feteleza?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Madzi musawonjezere, ndipo feteleza ayambe wadikira. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikukhulupirira kuti mbewu zanu sizikufa ndi ludzu, koma mizu yake ikubanika m'matope amene ali pansi pa ndowazo.

Mizu imapuma monga mmene ife timapumira, ndipo mpweya imaupeza m'timipata ta pakati pa dothi. Kumunda, madzi akachuluka amalowa pansi, nyongolotsi ndi chiswe zimaboola njira, ndipo muzu ukapeza pouma kapena ponyowa kwambiri umakhotera kwina. M'ndowa mulibe kothawira. Dothi la katondo kapena la makande likaikidwa m'chidebe n'kumathiriridwa tsiku ndi tsiku limatsendereka, timipata tija timatsekeka, pamwamba pamauma ndi dzuwa pamene pansi pali chithaphwi. Mizu ikakhala m'madzi otere masiku angapo imayamba kuwola, ndipo muzu wowola sungamwe madzi ngakhale atauzungulira mbali zonse. N'chifukwa chake chomera chimafota masana ngati chili ndi ludzu, mwini wake n'kuthamangira kukatunga madzi ena, amene amangokulitsa vutolo. Ine ndinataya tomato wa m'ndowa zisanu ndi imodzi m'njira yomweyi chaka choyamba chimene ndinayesa ulimi wa pakhonde, ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinkaganiza kuti ndikuchita khama.

Kuti mutsimikize, sankhani ndowa imodzi imene chomera chake chafooka kuposa zinzake, muipendeketse ndi kutulutsa dothi lonse pamodzi ndi mizu. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba. Mukapeza yakuda, yoterera, yoduka mukangoikhudza, ndipo dothi la pansi likununkha ngati ngalande, ndiye kuti mwalipeza vuto. Chomera chimene mizu yake yambiri ikadali yoyera chikhoza kupulumuka mukachiwokera m'dothi labwino madzulo n'kuchisiya pamthunzi masiku atatu kapena anayi. Chimene chawoleratu ndi bwino kuchichotsa n'kuyambanso.

Pa kayambidwe katsopanoko, choyamba ndi zibowo. Simunanene ngati munaboola ndowazo, koma anthu ambiri amaboola kabowo kamodzi pakati, kamene kamatsekeka ndi dothi sabata yoyamba yomwe. Tenthetsani msomali waukulu kapena kachitsulo pambaula, muboole zibowo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoti chala chaching'ono n'kulowa, ndi zina ziwiri m'mbali chakumunsi. Kenaka ikani ndowa iliyonse pamwamba pa njerwa ziwiri, chifukwa ndowa yokhala pasimenti mwachindunji imadzitseka yokha, komanso imatenga kutentha konse kwa simentiyo masana. Pali chizolowezi choyala miyala pansi pa chidebe poganiza kuti madzi azituluka msanga. Ine sindilimbikitsa zimenezi, popeza madzi sachoka m'dothi losalala kulowa m'miyala mpaka dothilo litakhutiratu, ndiye miyalayo imangokweza chithaphwi chija kufupi ndi mizu, n'kudyanso malo amene mizu ikanayendamo. Kachidutswa ka thumba kapena phale loswa lovundikira pabowo n'zokwanira kuti dothi lisatayike.

Dothi ndilo lofunika kulipatsa nthawi. Dothi la kuseri kwa mpanda lingagwire ntchito, koma osati palokha, ndipo muzitenga la pamwamba lokha, lakuderako, osati la pansi lofiira. Muyeso umene wandithandiza ine ndi uwu: ndowa ziwiri za dothi, ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino, ndi ndowa imodzi ya mchenga wokhakhala wa kumtsinje kapena mankhusu a mpunga owauka pang'ono pamoto. Mchenga wosalala ngati ufa musaugwiritse ntchito, chifukwa ukakumana ndi katondo umalimbitsa dothi m'malo molimasula. Mukasakaniza, nyowetsani pang'ono, mufumbate m'manja n'kutambasula: dothi labwino limagwirana koma limamwazika mukalikhudza ndi chala, pamene loipa limatsala chibuma choti n'kuumbira mphika. Manyowa owolerana amadziwika ndi fungo la dothi la m'nkhalango. Zitosi za nkhuku zaziwisi, ngakhale zili ndi mphamvu zambiri, zimawotcha mizu m'malo opanikizika ngati ndowa, choncho ziyambe zaunjikidwa miyezi iwiri kapena itatu.

Chigubu cha malita 20 ndi nyumba ya tomato mmodzi yekha. Ndikudziwa kuti mtima sufuna kuzula mbande zooneka bwino, koma tomato atatu m'chigubu chimodzi amalimbirana madzi ndi chakudya mpaka onse kubereka tizipatso tosakondweretsa. Tsabola wa kambuzi amakwana m'ndowa ya malita 10, ndipo mpiru, chayinizi ndi bonongwe, zimene mizu yake sipita pansi kwambiri, zimachita bwino m'beseni lotambalala lakuya ngati chikhatho ndi theka.

Tikabwera pa kathiriridwe, siyani kuyendera wotchi. Pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri: mukamva chinyezi, dikirani, mukamva kuuma, thirirani pang'onopang'ono patsinde, osati pamasamba, mpaka madzi atayamba kudontha pansi. Mwezi uno wa Okutobala, pamene kutentha kwafika pachimake, tomato wamkulu m'dothi lomasuka angafunedi madzi tsiku lililonse, mwinanso kawiri, koma mu Juni ndi Julayi, makamaka masiku a chiperoni, ndowa yomweyo imatha masiku atatu isanaume. Chofunika n'chakuti chinyezi chisamasinthesinthe kwambiri, chifukwa tomato amene lero wauma mawa wamira amabereka zipatso zakuda kumunsi kapena zong'ambika. Udzu wouma woyala pamwamba pa dothi umathandiza kwambiri pamenepa. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ndi abwino ndipo amachepetsa bilu, koma otsukira mbale, okhala ndi mafuta, mchere ndi sopo, musawathire m'ndowa. Ngati mwaika mbale pansi pa miphika ya maluwa, muzitaya madzi otsaliramo kuti udzudzu usaswanemo.

Simunandiuze kumene khonde lanu layang'ana, ndipo nkhani imeneyi ndi yaikulu. Tomato ndi tsabola amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi, pamene ndiwo zamasamba zimapirira mthunzi wa theka la tsiku. Kwathu kuno dzuwa limadutsa chakumpoto kuyambira chapakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala, kotero khonde loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa lokwanira m'miyezi yozizira, pamene loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi. Loyang'ana kumadzulo ndilo lovuta nyengo ino, chifukwa dzuwa la masana limawotcha ndowa, makamaka zakuda, mpaka mizu ya m'mbali kupsa. Kukulunga ndowazo ndi chiguduli kapena katoni kumateteza.

Feteleza abwere chomera chikayamba kutulutsa masamba atsopano. Chakudya cha m'ndowa chimakokoloka ndi madzi othirira, choncho ndi bwino kupereka pang'ono kawirikawiri kusiyana ndi wambiri kamodzi. Kwa ndiwo zamasamba, kachitsekerero kamodzi ka botolo kodzaza feteleza wa CAN kosungunula m'madzi a malita 10 pakatha masabata awiri aliwonse n'kokwanira. Urea ndi wamphamvu kwambiri, ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 iliyonse, ndipo m'ndowa sachedwa kuwotcha; kwa tomato amachulukitsanso masamba m'malo mwa zipatso. Tomato ndimamupatsa D Compound pang'ono podzala, ndi manyowa odzaza manja awiri pamwamba mwezi uliwonse. Muziyang'ananso kuseri kwa masamba, chifukwa nyengo yotentha ndi youma ngati ino ndiyo imene akangaude ofiira, tizilombo ting'onoting'ono toyamwa madzi a m'masamba, amaswana, ndipo nawonso amachititsa masamba kuwoneka otuwa ndi achikasu.

Mvula ikayamba mwezi wamawa kapena mu Disembala, khonde lanu lidzakhala ndi mwayi umene alimi a kudimba alibe. Tomato wa dzinja amavutika ndi matenda a chiwawu chifukwa masamba amakhala onyowa nthawi yaitali, koma wanu ali ndi denga. Mudzangosuntha ndowazo kuti zisakhale pamzere umene madzi a pamalata amagwera, koma zikhalebe kumphepete kumene kuwala kumafika. Mukatulutsa chomera choyamba chija, mundilembere mtundu wa mizu imene mwapeza ndi mbali imene khonde layang'ana, kuti tione ngati tomato ndiye woyenera malowo kapena ngati ndowazo zingakupindulireni kwambiri mutadzalamo mpiru ndi bonongwe.