Injini yapsa, koma musathamangire kumuchotsa

Achimwene, mwafunsa ngati kalabu yanu ya ulimi wothirira ku Nsanje ichotse mnyamata woyendetsa injini yopopa madzi chifukwa yapsa. Ine ndikuti dikirani kaye.

Kuloza chala kumathera pa funso limodzi, lakuti walakwa ndani. Munthu amachita manyazi, mawa vuto likabwera amabisa. Kufunsana za udindo n'kwina: mumakhala pansi n'kuona kuti ndani anapatsidwa ntchito yoyang'anira oyilo, ndani amasunga ndalama zake, nanga zinalembedwa pati.

Kwathu ku Chikwawa zinatichitikira madzi a namondwe Freddy ataphwera mu 2023. Matope a mu Shire anatseka sefa ya paipi, injini n'kumalira yopanda madzi padzuwa lathu lija mpaka kufa. Tonse tinamukalipira mnyamata wathu woyendetsa injiniyo. Kenako tinamva kuti anali atauza msungichuma kawiri konse, koma sanamumvere. Mpaka lero zimandiwawa.

Mnyamata wanuyo mufunseni modekha pamaso pa komiti. Ngati ananyozeradi, avomere ndipo alipire gawo lake, kaya ndi thumba la chimanga pokolola. Koma komitinso iyankhe mbali yake, ndipo mugule kabuku kolembamo tsiku lomwe oyilo wathiridwa.