Kukonzedwa kwa nyumba za Wits ndi lendi ya ku Braamfontein

Achimwene, mwafunsa ngati kukonzedwa kwa nyumba zakale za yunivesite ya Wits kumapindulira anthu okhala ku Braamfontein, dera la mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Phindu lilipo ndithu. Chitsegulireni nyumba yoonetsera zaluso ya Wits Art Museum mu 2012 ndi malo a zaukadaulo a Tshimologong mumsewu wa Juta mu 2016, misewu imene anthu ankaiopa kukada idayamba kudzaza ophunzira, ndipo ogulitsa zakudya ndi ometa tsitsi adapeza makasitomala. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi lendi. Eni nyumba ambiri amagawa zipinda kuti alowetsemo ophunzira olipira pa bedi, moti banja lodalira maganyu, monga ambiri a ife Amalawi, limakakamizika kukasaka chipinda ku Hillbrow kapena ku Yeoville.