Bambo anamwalira osasiya wilo, abale awo atenga chigayo: titani?

Achemwali a ku Chitakale, pepani ndi maliro. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati bambo anu, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, anatisiya mu August osalemba wilo. Masiku atatu asanakwane, mng'ono wawo ndi mwana wa mlongo wawo anatenga makiyi a chigayo, njinga yamoto ndi khadi la kubanki, n'kunena kuti chuma cha amalume n'cha kuchimuna. Mwatsala ndi amayi ndi ang'ono anu awiri amene akadali pasukulu. Koma funso limene landikhudza ndi lomalizira lija. Mwati chimene chakulimbitsani mtima ndi korona amene anzanu a mumphakati amadzapemphera nanu mlungu uliwonse, ndiye mukuopa kuti kupita kukhothi kungakhale kusakhululuka.

Ndiyambe ndi lamulo. Chuma cha masiye m'Malawi chimayendetsedwa ndi lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la chaka cha 2011. Gawo 17 la lamuloli limati munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, kuphatikizapo anthu amene ankadalira iyeyo, monga makolo ake kapena mwana wamng'ono amene ankamulipirira sukulu. Achimwene, alongo ndi ana awo salowa m'gululi ngati mkazi ndi ana alipo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno, kumene ambiri timatsata chikamwini, akuluakulu anazolowera kuti wolowa chuma cha mwamuna ndi mwana wa mlongo wake. Mwambowo unali ndi chifukwa chake nthawi imene amalume ndiwo ankalera mbumba, koma lero sungapose lamulo. Chigayocho bambo anu anagula ndi thukuta lawo, akudya nsima ya amayi anu.

Katundu wa m'nyumba, monga mipando, mabedi ndi ziwiya, amatsala ndi amayi. Pogawa zotsalazo, lamulo limayamba laona kuti pasakhale wovutika, ndipo mwana wamng'ono amatha kulandira gawo lalikulu kuposa wamkulu chifukwa ulendo wake ukadali wautali. Ndikuuzeniretu ichi kuti chisadzakudzidzimutseni: ngati bambo anali ndi mwana wina kunja kwa banja, nayenso ali ndi gawo lake, pakuti gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino silisiyanitsa ana potengera mmene anabadwira.

Zimene achita abale a bambowo zili ndi dzina. Ndi kulanda chuma cha masiye, ndipo ndi mlandu. Gawo 84 la lamulo lija limapereka chilango cha chindapusa ndi ndende ya zaka 10, komanso khothi limalamula kuti katunduyo kapena mtengo wake ubwezedwe.

Tsopano poyambira. Tengani chiphaso cha imfa kuofesi ya kalembera ya NRB paboma. Ngati bambo anamwalirira kuchipatala mupite ndi pepala la kumeneko, ngati ndi kunyumba muyambire kwa amfumu. Kenako mukhale pansi ndi amayi, mulembe m'kope katundu yense: nambala ya injini ya chigayo, nambala ya njinga, dzina la banki, ndi tsiku limene chilichonse chinatengedwa. Malisiti, chiphaso cha ukwati cha kutchalitchi ndi makadi aubatizo a ana musawataye, amathandiza kuonetsa kuti ndinu ndani kwa malemuwo. Kubanki pitaniko mawa lomwe mukanene za imfayi kuti atseke akaunti, chifukwa khadi lili m'manja mwa ena ndipo ndalama zikatuluka kuzibweza n'kovuta.

Palibe amene ali ndi mphamvu yogawa chumachi popanda chilolezo, ngakhale inuyo. Chilolezocho ndi kalata ya kukhothi imene amaitcha letters of administration. Chuma chikakhala chochepa, nkhani imathera kwa bwanamkubwa kapena kukhothi la majisitireti, koma poti pano pali chigayo ndi njinga, konzekerani za kubwalo lalikulu ku Blantyre. Amayi anu angapemphe kalatayo okha kapena limodzi ndi inu. Ofesi ya Administrator General imayendetsanso chuma cha masiye, makamaka pakakhala mkangano kapena ana aang'ono. Ngati ndalama za loya palibe, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu.

Musaiwale kuesiteti. Ndalama za penshoni zimayenda njira yakeyake, zimatsata maina amene bambo analemba pafomu yosankha olandira. Funsaninso za inshuwalansi ya moyo imene lamulo la penshoni limafuna kuti olemba ntchito aikire antchito awo. Mabanja ambiri ndalama imeneyi saidziwa n'komwe.

Za kukhululuka zija, inenso ndine Mkatolika, ndipo ndinaikapo kholo m'manda, choncho sindikulankhula za m'mabuku zokha. Kukhululukira munthu sikutanthauza kumusiyira fizi ya ang'ono anu. Mpingo womwewo umene ukukupukutani misozi uli ndi bungwe la chilungamo ndi mtendere la CCJP, limene limathandiza anthu oponderezedwa. Mungathe kupempherera abambo anu aang'onowo pa korona usiku, m'mawa n'kudzuka kukalemba madandaulo, mtima wanu uli woyera.

Ine ndikadakonda muyambe ndi kukambirana. Pemphani amfumu, ankhoswe a mbali zonse ndi wapampando wa mphakati kuti akhale nanu pansi, ndipo ngati abambo mfumu angapezeke, ndi bwino koposa. Muwauze modekha zimene lamulo likunena ndipo mugwirizane tsiku lobweza makiyi, zonse zilembedwe ndi kusainidwa. Anthu ambiri amabweza akangomva za zaka 10 zija. Akakana, kapena mukamva kuti akufuna kugulitsa chigayo, musadikire: pitani ku Victim Support Unit papolisi ya Mulanje, ndipo loya akapemphe khothi chiletso kuti katunduyo asagulitsidwe.

Pa 2 November, tsiku limene Mpingo umapempherera onse amene anatisiya, kaperekeni dzina la bambo kuti litchulidwe pa Misa. Ine ndidzawakumbukiranso. Mukatenga chiphaso cha imfa mundilemberenso, tidzaone limodzi za fomu ya penshoni ija.